Thukuta la mmisiri wa ku Chintheche si lotchipa

Aliyense amene wayendapo pa msewu wa M5 kuchokera ku Dwangwa kulowera ku Nkhata Bay waona yekha momwe gombe la Chintheche likusinthira. Nyumba za njerwa zootcha ndi malata owala zikumera ngati bowa, kuyambira ku Kande, kudutsa pa Bandawe, mpaka pa Chintheche penipeni. Zina ndi malo ogona alendo, zina ndi nyumba zopumuliramo za anthu a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo zina ndi za ana a komweko amene akutumiza ndalama kuchokera ku Joni ndi maiko ena. Ife tikuyamikira chitukuko chimenechi. Komatu nyumba siidzimanga yokha, ndipo ikamangidwa siidzikonza yokha. Denga likadontha, paipi ikaphulika, chitseko chikadyedwa ndi chiswe, pamafunika mmisiri. Funso limene nyuzi ino ikufunsa sabata ino ndi lakuti, kodi ola limodzi la mmisiri ameneyu ndi ndalama zingati, nanga anagamula ndani kuti likhale lotsika kusiyana ndi la mnzake wa m'tauni?

Momwe nkhani ya mtengo imayendera tonse tikudziwa. Kalipentala waitanidwa, wakwera padenga, waona pamene pavuta, watsika nkutchula mtengo wake. Mwini nyumba, amene wangofika kumene pa galimoto kuchokera ku Area 47 kapena ku Namiwawa, amayamba ndi kuseka. "Aaa, bambo, umenewo ndi mtengo wa ku Lilongwe. Kuno n'kumudzi." Mmisiri uja amayang'ana pansi, amakumbukira kuti sabata yonse sanagwireko ntchito, ndipo amayankha kuti, "Chabwino bwana, mungondiganizira." Dzuwa likamalowa amapatsidwa kangachepe kotchedwa "ya sopo", nalandira ndi manja awiri. Bwana uja akabwerera m'tauni amakanyadira kwa anzake kuti kunyanja amisiri ngotchipa.

Ife tikuti ayi. Mmisiri wa ku Chintheche akuvomera mtengo wotsika chifukwa alibe pothawira. Mtengo wa ntchito ukhoza kusiyana dera ndi dera, ndipo palibe cholakwika pamenepo ngati kusiyanako kuli ndi zifukwa zoti munthu akhoza kuziwerengera papepala. Koma ngati chifukwa chake n'chakuti munthuyo alibe mphamvu yokana, dzina la mchitidwe umenewo ndi kudyerana masuku pamutu. Tikulankhula izi podziwa bwino lomwe kuti ambiri mwa mabwana amenewa ndi inu nomwe owerenga athu.

Tiyambe ndi zimene lamulo likunena. Lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limapatsa nduna ya za ntchito mphamvu yoika malipiro ochepetsetsa, ndipo limati maola ogwira ntchito pa sabata asapitirire 48. Mu 2021 malipiro amenewa anali K50,000 pa mwezi. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, boma linawakweza kufika pa K90,000 mu 2024, kenaka pa K126,000 mu 2025. Tikagawa K126,000 ndi masiku 26 ogwira ntchito pa mwezi tikupeza K4,846 pa tsiku, ndipo tikagawanso ndi maola 8 tikupeza pafupifupi K600 pa ola. Imeneyi inali ndalama ya munthu wopanda luso lapadera, wobwera pa ntchito chimanjamanja, amene zida zonse amazipeza kwa bwana, ndiponso amene akudziwa kuti mawa ntchito iripo.

Mmisiri woyendayenda alibe chirichonse mwa zimenezi. Tiyerekeze kuti pa masiku 26 aja iye wapeza ntchito masiku 13 okha, pakuti ganyu sabwera tsiku ndi tsiku. Kuti angofanana ndi wantchito wotsikitsitsa wa pa kampani, ayenera kulandira kawiri, ndiko kuti pafupifupi K1,200 pa ola mwa chiwerengero cha 2025. Apatu sitinawerengere luso lake, limene analipeza atathera zaka akutumikira mmisiri wamkulu kapena pa sukulu ya ntchito zamanja. Sitinawerengere macheka, nyundo ndi levulo, zimene anagula yekha ndipo zikatha adzagulanso yekha. Sitinawerengere mnyamata womuthandiza kukanda matope ndi kugwira makwerero, amene malipiro ake amachokera m'thumba lomwelo. Ndipo akagwa padenga nathyoka mwendo, palibe amene adzamulipire masiku amene wagona m'chipatala. Tsono munthu amene wagwiritsa mmisiri ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo nkumupatsa ya sopo awerengere yekha kuti wamubera zingati.

Vuto ndi lakuti lamulo limateteza bwino munthu amene ali ndi kalata ya ntchito. Mmisiri woitanidwa tsiku limodzi kawirikawiri alibe pepala lirilonse loti akaonetse akamadandaula, ndipo ofesi ya za ntchito iri ku boma la Nkhata Bay, makilomita pafupifupi 40 kuchokera pa Chintheche. Nthawi zina ndalama ya minibasi yopita ndi kubwera imaposa imene akukadandaulayo. Anthu otere si ochepa. Kafukufuku wa anthu apantchito amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2013 anapeza kuti anthu 89 mwa 100 alionse ogwira ntchito m'dziko muno anali pa ntchito zosakhazikika ngati zimenezi. Choncho tikamanena za kalipentala wa ku Chintheche tikunena za moyo wa a Malawi ochuluka zedi.

Maganizo akuti thukuta la kumudzi n'lotchipa sanangobwera okha. Nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi malipiro ochepetsetsa anali m'magulu atatu. Wa ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu anali ndi mtengo wake, wa ku Zomba ndi m'matauni ang'onoang'ono anali ndi wake, ndipo wa kumudzi anali pansi pa onse. Amene ankapindula kwambiri ndi dongosolo limeneli anali eni maesiteti a fodya ndi tiyi, pakuti antchito awo onse anali m'gulu lapansilo. Kusiyanitsa tauni ndi mudzi kunapitirira ngakhale matipate atabwera, mpaka pamene boma linakuthetsa nkuika mtengo umodzi wa dziko lonse. Magulu amene analipo pa zilengezo za 2024 ndi 2025 anali otsata mtundu wa ntchito, monga antchito a m'nyumba, osati dera limene munthu akukhala. Lamulo linasintha, koma magulu atatu aja anatsalira m'mitu mwathu, ndipo timawatulutsa nthawi iriyonse tikamanenerera mtengo.

Tiyeni tiyese mawu akuti kumudzi zinthu n'zotchipa. Zoona, munthu wa ku Chintheche akhoza kukhala m'nyumba yakeyake osalipira lendi, akhoza kudya kondowole wa chinangwa cha m'munda mwake, ndipo usipa amaugula pagombe usanakwere galimoto. Nanga zina zonse? Shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira, yunifolomu ya mwana ndi mankhwala a kufamase zimafika pa Chintheche zitayenda ulendo wautali, ndipo wogulitsa amaonjezerapo ya mayendedwe. Mayunitsi a foni mtengo wake ngofanana kulikonse. Simenti imapangidwa ku Blantyre, ku Kasungu ndi ku Mangochi, osati ku Nkhata Bay. Pulambala akasowa kachitsulo kamodzi kolumikizira mapaipi, kapena wamagetsi akasowa swichi yoyenera, nthawi zambiri ulendo wake ndi wa ku Mzuzu, makilomita pafupifupi 90, ndipo tsiku limenelo latayika. Mnzake wa ku Lilongwe amangokwera kabaza kupita ku Malangalanga nkubwerako ola lisanathe.

Palinso mvula. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma amene amalandira mvula yambiri m'dziko muno. Nyengo ya dzinja ntchito youmba njerwa ndi yomanga imachepa kwambiri, alendo amachepa, ndipo eni nyumba a m'tauni sabwera kawirikawiri. Ndalama imene mmisiri wapeza m'chilimwe ndi yomwe iyenera kudyetsa banja lake miyezi yamvula. Kuonjezera apo, ntchito za kunyanja n'zotalikirana. Lero waitanidwa ku Kande, mawa ku Bandawe, mkuja ku Sanga. Ntchito ya maola awiri imadya tsiku lathunthu munthu akawerengera kupalasa njinga atanyamula zida. Amene amalipira maola awiri okhawo akuganiza ngati mmisiriyo anachita kugwa kuchokera kumwamba.

Sitikukana kuti mmisiri wa m'tauni ali ndi zolipira zake. Amalipira lendi ya nyumba ndi ya shedi, amagula madzi ndi makala, chakudya chonse amachita kugula, ndipo khonsolo ya mzinda imafuna yake. Zimenezi ndi zifukwa zomveka zokwezera mtengo, ndipo zikhoza kuwerengedwa. Bungwe la Centre for Social Concern lakhala likufalitsa mitengo ya zinthu zofunika pa banja m'mizinda ndi m'matauni monga Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu, Karonga ndi Mangochi, ndipo mitengoyo imasiyanadi. Kusiyana kotere ife tikukuvomereza. Chimene tikunena n'chakuti ngati tiwerengera lendi ya wa m'tauni, tiwerengerenso ulendo wa ku Mzuzu ndi miyezi yamvula ya wa kunyanja. Tikaika zonse pa sikelo imodzi, mpata wotsala pakati pa awiriwa sungakhale waukulu ngati umene mabwana amaufuna.

Chimene chimagwetsa mtengo ku Chintheche ndi kuchepa kwa olemba ntchito ndi kuchuluka kwa manja. Mmisiri akakana mtengo, pali wina kuseri kwa mpanda amene avomere theka lake chifukwa mwana akudwala. Palinso chibale. Nyumba zambiri ndi za amalume, alamu kapena mkulu wa mpingo, ndipo kutchula mtengo kwa munthu wotere kumaoneka ngati mwano. Mwini nyumba amadziwa zimenezi ndipo amazigwiritsa ntchito. Makolo athu anali ndi mwambo wothandizana pomanga nyumba ndi polima, koma atsamunda anatenga dzina lake, thangata, nalisandutsa ntchito yaulere m'maesiteti a kum'mwera, mpaka John Chilembwe anaukira mu 1915. Tisalole kuti chibale chathu chisanduke thangata watsopano.

Anthu a m'mbali mwa nyanja kumeneku akudziwa kuposa wina aliyense zotsatira za malipiro osiyana pa ntchito yofanana. Mishoni ya Livingstonia inakhazikika pa Bandawe mu 1881, ndipo itasamukira ku Khondowe mu 1894 inayamba kuphunzitsa akalipentala, omanga nyumba, osindikiza mabuku ndi akalaliki. Atonga anali m'gulu la oyamba kupeza maphunziro amenewa. Koma luso lawo linakamanga Salisbury, Bulawayo ndi Johannesburg, chifukwa kumeneko ndi kumene kunali malipiro. Katswiri wofufuza za chikhalidwe, J. van Velsen, amene anakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, anapeza kuti amuna oposa theka anali kunja kwa dziko. Ena anabwerera ndi njinga ndi masuti, ena anasanduka machona osaonekanso. Kuyambira kale mpaka lero, luso limalondola kumene likulipidwa.

Mmodzi mwa ana a dera limeneli anali Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe, amene anaphunzira ku Livingstonia. Mu 1919 iye anayambitsa bungwe la anthu apantchito la Industrial and Commercial Workers' Union mu mzinda wa Cape Town, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anatsogolera sitalaka ya onyamula katundu padoko la mzindawo. Pofika 1927 bungweli linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Mwana wa ku Chintheche anaphunzitsa antchito a dziko la eni kuti munthu mmodzi akamanenerera yekha amagonja, koma akakhala ambiri bwana amakhala pansi nkumvetsera. Kodi si zamanyazi kuti patapita zaka zoposa 100, mmisiri wa kwawo kwa Kadalie akuyankhabe kuti "mungondiganizira"?

Inu amene munakhalako kunja mukudziwa momwe ena amachitira. Dziko la South Africa linayamba kuwerengera malipiro ochepetsetsa pa ola mu Januwale 2019, pa mtengo wa R20, ndipo mu Malichi 2025 mtengowo unafika pa R28.79. Ndi mtengo umodzi ku Johannesburg ndi kumidzi ya ku Limpopo komwe. Lamulo lawo limanenanso kuti wantchito wa malipiro otsika akagwiritsidwa ntchito maola ochepera 4 pa tsiku, alipidwe ngati wagwira maola 4. Sitikunena kuti a Malawi onse amene ali kumeneko amalandira zimenezi, pakuti ambiri opanda mapepala amaponderezedwa koopsa. Koma mnyamata wa ku Chintheche amene wamva kuti kwina ola la munthu liri ndi mtengo wolembedwa m'lamulo sangakhalitse pagombe. Akapeza ya basi amapita, ndipo bwana uja amayamba kudandaula kuti masiku ano kunyanja kulibe amisiri odalirika. Walira mvula walira matope.

Tisaiwalenso kuti ufulu umene tiri nawo unayamba ndi nkhani ya malipiro. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 inadzudzula poyera malipiro ochepa a anthu apantchito. Mu Meyi chaka chomwecho antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead & Sons mu Blantyre ananyanyala ntchito, sitalaka inafalikira, ndipo anthu anataya miyoyo m'misewu. N'chifukwa chake malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, pa gawo 31, amapatsa munthu aliyense ufulu wolandira malipiro oyenera ndiponso ofanana pa ntchito yofanana. Gawo limeneli silinanene kuti ufuluwo umathera pa malire a mzinda.

Kunena chilungamo, amisiri nawonso ali ndi zawo. Alipo amene amalandira ndalama yoyambira ntchito nkusowa mwezi wathunthu. Alipo ochepetsa simenti kuti akagulitse thumba limodzi kuseri, ndi ena ovomera ntchito zitatu nthawi imodzi osamaliza ndi imodzi yomwe. Eni nyumba ena amaopa kulipira pa ola poganiza kuti mmisiri azichita chidodo dala. Madandaulo amenewa ngoona ndipo sitikuwabisa. Koma zambiri mwa izi zimabadwa pamene pangano silinamveke poyamba. Munthu amene akudziwa kuti mtengo wake wadulidwa pakati amafuna pobwezera, ndipo amabwezera pa simenti yanu yomweyo. Kuba n'kuba, ndipo wakuba asiyidwe. Koma amene mukufuna mmisiri wokhulupirika yambani mwamulipira mokhulupirika.

Njira yake si yovuta. Mtengo ukhoza kukhala wa ntchito yonse monga tinazolowera, koma uchokere pa chiwerengero cha maola. Ntchito isanayambe, awiriwo agwirizane kuti itenga maola kapena masiku angati. Ayambire pa malipiro ochepetsetsa a boma a chaka chimenecho, aonjezerepo chifukwa ntchitoyo si ya tsiku ndi tsiku, aonjezereponso za luso, makamaka kwa amene ali ndi satifiketi ya Trade Test kapena ya TEVETA. Ya mayendedwe ikhale payokha, ya wothandiza payokha, ya zipangizo payokha pamodzi ndi malisiti ake. Kantchito kakang'ono kamene munthu wayendera mtunda wautali kalipidwe ngati theka la tsiku. Zonsezi zilembedwe, kaya papepala kaya pa uthenga wa pafoni, ndipo ntchito yaikulu ilipidwe m'magawo malinga ndi pamene yafika. Pangano lotere limateteza onse awiri.

Kwa Unduna wa za Ntchito tikuti, polengeza malipiro ochepetsetsa muzitchulanso mtengo wa pa ola, m'Chichewa, m'Chitonga, m'Chitumbuka ndi m'ziyankhulo zina, pa wailesi ndi pa zikwangwani za m'misika, kuti waganyu adziwe poyambira kunenerera. Ganiziraninso zoika malire a maola ochepetsetsa olipira munthu amene waitanidwa. Kwa khonsolo ya Nkhata Bay ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti litukule ntchito zamanja, tikuti yesani luso la amisiri amene anaphunzirira pa ntchito nkuwapatsa mapepala, chifukwa munthu wa pepala sanyozeka msanga. Kwa mabungwe a MCTU ndi MUFIS tikuti anthu anu ambiri ali kunja kwa mizinda, ndipo kwawo kwa Kadalie ndi malo oyenera kuyambirapo.

Kwa amisiri a ku Chintheche tikuti, mutu umodzi susenza denga. Musadikire boma. Khalani pansi akalipentala, omanga, apulambala, owotcherera ndi amagetsi, gwirizanani mtengo umene palibe mmodzi wa inu adzatsike pansi pake, ndipo muulembe poonekera pamsika. Mitengoyo muziiunikanso zinthu zikakwera. Amene wathawa ndi ndalama ya mwini nyumba mumudzudzule nokha, pakuti akuipitsa dzina la nonse. Mukatero, bwana wochokera m'tauni sadzapezanso wina kuseri kwa mpanda.

Ndipo kwa inu owerenga athu, amene mukumanga kunyanja kapena kwina kulikonse kumidzi, tikupempha chinthu chimodzi. Ulendo wina mmisiri akadzatchula mtengo, musanaseke, dzifunseni kuti ntchito yomweyo mukanalipira zingati ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ngati mukufuna kuchotsapo, tchulani chifukwa chake mokweza, iye akumva, ndipo mumupatse mpata woyankha. Mukaona kuti chifukwacho mukuchita nacho manyazi kuchitchula, lipirani mtengo wonse.